Makobidi Ofiira a Mphika Wanga

Pamsika wa ku Wilderode panalibe munthu amene anandipusitsapo. Kafunseni. Wogulitsa nkhuni akandiona ndikubwera ankayamba kutsitsa mtengo ndisanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo panali mlimi wina wa balere amene ankabisala kuseri kwa ngolo yake, ati kuli bwino kubwerera ndi katundu kusiyana n'kunenerera ndi Walpurga. Kusukulu ndinangopondako pang'ono, kalembedwe kanga n'komweka mukukaonaka, koma masamu a pamsika ndinabadwa nawo. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti amene anandigwetsa sanali wapamsika. Ndinam'bereka ndekha.

Mwamuna wanga Henning atamwalira anandisiyira nyumba, ana awiri, Veit ndi Ottilie, ndi mphika. Mphika wofululira mowa, wamkuwa, wolemera mapaundi makumi asanu ndi anayi. Nyumba yathu inali imodzi mwa nyumba makumi awiri ndi mphambu zinayi zokhala ndi chilolezo chofulula. Tinkalandizana: sabata yako ikakwana umafulula, n'kupachika mtolo wa udzu pandodo pakhomo, tawuni yonse n'kudzamwera kwa iwe. Pachaka kawiri. Masabata awiri amenewo ndi amene ankatidyetsa chaka chonse. Koma tsiku la Mikayeli Woyera, zokolola zikatha, akuluakulu awiri a khonsolo amayenda khomo ndi khomo ndi buku ndi ndodo, kugogoda mphika uliwonse n'kuona ngati uli ndi chizindikiro cha nyumbayo. Wobwereka sauwerengera. Akakupeza ulibe amakufufuta m'buku, basi, nyumba yako yasanduka nyumba wamba mpaka kalekale.

Chaka chimenecho, cha 1621, kalonga wathu anatsegula nyumba yosulira ndalama m'chigayo chakale cha kumtsinje. Dziko la kalonga wathu ukhoza kulidutsa wapansi pakati pa kadzutsa ndi nkhomaliro, koma poti kalonga wa kutsidya anali ndi yake, wa kuseri kwa phiri yake, nayenso anafuna nkhope yake pakhobidi. Chigayocho anachibwereketsa kwa munthu wobwera, a Krull. Ndalama zakale zasiliva, zolemera zija, zinayamba kusowa, m'malo mwake n'kudzaza zatsopano, zoyera mbee, zopepuka. Ine sindinadandaule. Zinthu zikakwera nane ndinkakweza mowa. Ndalama ndi chidindo cha kalonga, ndinkatero, bola ziwerengeke.

Veit ankagwira ntchito komweko. Anali atakhala zaka zitatu ku Nordhausen, kunja kwa dziko la kalonga wathu, akuphunzira kusula mkuwa kwa a Gerlach, n'kusiyira panjira. Anabwera kunyumba Lachiwiri lina Pasaka itangopita, ine nditangomaliza sabata yanga, ndikukwecha mphika ndi mchenga.

"Chipewa chimenecho waba kuti?" ndinam'funsa.

"Ndagula, amayi."

"Nanga nthengayo? Tambala wa ndani akuyenda wopanda mchira?"

Anaseka, n'kukhala pansi, n'kudya supu wa nyemba mbale ziwiri. Atakhuta anapita pa mphika, nagwada, n'kumaugogoda pansi pake ndi chala chopinda, khutu atatsamiritsa.

"Mphika uwu watha, amayi."

"Watha ndiwe."

"Sindikuseka ayi. Pansi pano papyapyala ngati tsamba. Mukafululanso kawiri ubowoka mowa uli pamoto. Zaka zitatu ndinamenya mkuwa ine, ndimaumva ukamalira."

Kenaka anandiuza nzeru yake. A Krull akugula mkuwa pamtengo woti sunamvekepo. Ndigulitse wakalewu, ndikagule watsopano kwa a Gerlach, zotsala zikhale za katundu wa ukwati wa Ottilie. Sabata yanga ina inali Mikayeli atapita, ndiye miyezi isanu yonseyo mphika ungokhala ukudya malo.

"Amayi, achimwene za mkuwa amazidziwa," anatero Ottilie, maso atawala atangomva za ukwati.

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Koma masamuwo ndinali nditawerengera kale mumtima. Mphika watsopano a Gerlach ankagulitsa magulden makumi asanu.

A Krull anandilandira atavula chipewa, munthu wonenepa, wofewa m'manja ngati sanagwirepo nkhwangwa.

"Mayi Walpurga! Mbiri yanu inandipeza ndisanatsike ndi pangolo pomwe. Ndiyambiretu kulira, kapena ndidikire pomaliza?"

"Tchulani mtengo, misozi musunge."

"Makumi atatu."

"Makumi atatu mukagule kapoto kophikira mkaka wa mphaka wanu."

Ndinanyamuka. Anandiitana. Makumi asanu ndi limodzi. Ndinati zana ndi makumi awiri, ndipo ngolo yodzatengera ikhale yawo. Anagwira pamtima, ati ndikufuna ana awo agone ndi njala. Ndinati ana a munthu wa mimba ngati imeneyo njala amangoimva kutchalitchi. Ndinanyamukanso mpaka kufika pamlatho, Veit n'kundithamangira kudzandibweza. Tinagwirana chanza pa magulden zana limodzi. Zana! Kawiri mtengo wa watsopano.

"Mwandikama mpaka magazi," anatero a Krull akupukuta thukuta. "Koma mudikire sabata imodzi. Ndalama zanu sizinapse."

Ndinaseka nawo. Taonani kupusa kwake, ndinaseka nawo. Madzulo ake ngolo inabwera, mphika wa Henning n'kutuluka pakhomo chozondoka, ine ndikuwakalipira onyamulawo kuti asakande chitseko. Pamsika ndinauza aliyense mmene ndinam'finyira munthu wobwera uja, moti Mayi Sibylla, mnzanga wamasiye wa mumsewu wathu, nawonso anakagulitsa wawo, ati ngati Walpurga wagulitsa ndiye kuti pali phindu.

Sabata itatha Veit anabwera ndi thumba paphewa n'kulikhuthula patebulo. Timakobidi ting'onoting'ono, toyera ngati mamba a nsomba, tina tokulirapo pang'ono. Tinawerenga ndi Ottilie kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Zinakwana ndendende.

"Musazisunge nthawi yaitali, amayi," anatero Veit ali pakhomo, osandiyang'ana.

"Undiphunzitse iwe kusunga ndalama?"

Ku Nordhausen ndinapita patatha masabata atatu, tsiku limene wangolo ankapita ndi zikopa. A Gerlach anali nkhalamba yogontha chifukwa cha nyundo, yolankhula mokuwa ngati uli tsidya la mtsinje.

"Akazi a Henning! Mowa wanu uja ukugwetsabe anthu m'ngalande?"

"Ukugwetsa olipira okha. Ndikufuna mphika wonga wakale uja. Munkati makumi asanu, ine ndikupatsani makumi anayi, lero lomwe."

Ndinaika thumba pabenchi lawo. Anamasula, nasuzumira. Anatola khobidi limodzi, nalilavulira, n'kulikhula pamwala wa pakhomo katatu. Atandionetsa linali lofiira psuu.

"Taonani, lavula malaya."

"Limenelo ndi limodzi."

Anatola lina. Ndi linanso. Ndinatola ndekha la pansi penipeni n'kulikhula mpaka chala kuwawa. Lofiira.

"Zoyamba zija munkakhala kasiliva," anakuwa a Gerlach. "Izi ndi mkuwa, siliva anangonunkhizako. Amaziwiritsa m'madzi a mchere ndi nsenga za vinyo kuti ziyere pamwamba, ngati ufa pankhope ya wophika buledi. Kuno ngakhale wopemphapempha akuponyerani nazo kumaso. Mwana wanu sanakuuzeni? Zimenezi Veit anazidziwa chaka chake choyamba pano."

Ndinati ndi ndalama za kalonga, zili ndi chidindo.

"Kalonga wanuyo akafulule mowa m'chidindo chakecho. Ine mkuwa ndimagula pasikelo."

Anakoleka thumba langa pasikelo. Mapaundi asanu ndi anayi. Pa mapaundi khumi aliwonse amene ndinapereka anandibwezera limodzi, la mkuwa womwewo, mwinanso wa mphika wanga womwe, atauduladula n'kuuyeretsa kumaso. Ndinakhala pachitsa chawo chosulira.

Ndili chikhalire ndinaona pakona mphika watsopano, wonyezimira, msinkhu wake ndendende wa ng'anjo yanga. Pamlomo pake anali atadindapo kale nsomba ziwiri, chizindikiro cha nyumba yathu.

"Uwo ndi wa ndani?"

"Aa, simukudziwa? Nane ndimadabwa kuti wachiwiri mukufuniranji. Ndi wa Veit. Anabwera Pasaka isanafike, n'kulipiriratu ndi siliva wakale, weniweni. Ati adzautenga pa Mikayeli."

Mtima wa mayi ndi chitsiru. Pomwepo ndinapepukidwa. Ndinati mwana uyu amafuna kundidzidzimutsa, wadziwa kuti ndalama za a Krull zaipa, wandigulira mphika mwakachetechete. Mawu akuti "Pasaka isanafike" ndinawamva, koma ndinawakankhira pambali. Ndinasolola kandalama kasiliva kakale kamene ndinasokerera mumpendero wa siketi, n'kumugulira soseji yowamba imene ankaikonda ali mwana. Osanenerera n'komwe.

Mawa lake masana ndinapita kuchigayo. Kuseri kwake ndinali ndisanafikeko. Amuna awiri ankadula mphika wa munthu wina ndi chilumo chachikulu, pamoto pakuwira madzi onunkha, atsikana akuumitsa makobidi mu utuchi. Veit anatuluka manja ali bii.

"Ndinali kwa a Gerlach," ndinatero. "Ndauona."

Sanamwetulire. Anayang'ana soseji inali m'manja mwanga, kenaka n'kuyang'ana kumtsinje.

"Ubwera kunyumba tsiku la Mikayeli, amayi. Chilolezo chikalembedwa m'dzina langa."

Lamulo limenelo ndinkalidziwa. Nyumba ikapezeka ilibe mphika koma pali mwana wamwamuna wamkulu amene ali ndi wakewake, kholo likavomera, chilolezo chimapita kwa mwanayo m'malo mofufutidwa. Ndinkalidziwa ngati mmene umadziwira kuti kuli manda, osaganiza kuti akukumbawo ndi ako.

"Tabwereza."

"Ndili ndi zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu. Ndinakupemphani katatu, inu munkati ndidikire mufe."

"Ndiye waona kuti ndikuchedwa."

"Sindinatero. Ndikufuna kukwatira. A Krull sangapereke mlongo wawo kwa munthu wopanda kanthu, ndipo za pachigayo panozi sizikhalitsa, aliyense wa muno akudziwa. Simudzagona panja ayi. Mudzakhala momwemo, muzidya."

"Ndizidya. M'nyumba mwanga momwe, ndizidya. Zikomo bwana." Ndinam'yandikira. "Tandiuza chimodzi. Pansi pa mphika wanga paja."

Anayamba kupukuta manja pamalaya.

"Iwe Veit, ndikufunsa."

"Panali bwinobwino. Ukanatha zaka zina makumi awiri."

"Nanga a Krull? Zana lija?"

"Amayi, mukanati mazana awiri akanakupatsani. N'kungouza amisiri amenye nyundo ola lina. Ndinawauza ndine kuti alimbane nanu pang'ono, poti akanavomera msanga mukanakayikira."

Zimenezi zinandipweteka kuposa mphika. Zoti mwana wanga anakhala pansi ndi mlendo n'kumuphunzitsa mmene mayi ake amagwidwira, ngati mmene umaphunzitsira munthu kugwira tsekwe wolusa.

"Munandiphunzitsa ndinu," anatero, mawu atayamba kukwera. "Pamsika palibe chibale. Ndakhala ndikumva zimenezo chibadwire."

"Pamsika! Unandipeza pamsika iwe? Unabwera kukhitchini kwanga, unadya supu wanga mbale ziwiri, n'kugwada pa mphika wa abambo ako n'kunama."

Anthu a m'chigayo anali atasiya kudula, akutiyang'ana. Ndinatembenuka. Soseji ija sindinataye, ndinalipira siliva. Ndinaidya ndekha m'njira, yonse, misozi ikutsika.

Miyezi yotsatirayo ndinayesa paliponse. Kukhonsolo anati malonda anali achilungamo, ndinagwirana chanza pamaso pa mboni, ndipo ndalama za kalonga ndi ndalama, wozinyoza alipira chindapusa.

"Chabwino," ndinatero. "Ngati zili ndalama, ndilozereni wogulitsa mphika azilandire."

Anayang'anana. M'dziko lonse la kalonga munalibe mphika wogulitsa, yonse inali itapita kuchigayo.

Pofika nthawi yokolola makobidi anali atafiira okha m'matumba mwa anthu. Alimi anasiya kubwera kumsika, ati nkhumba zawo sizidya mkuwa. Wophika buledi ankangotsegula kazenera, n'kufunsa kaye kuti wabwera ndi chiyani, mazira kapena nsalu. Theka la thumba langa lija linapita pa mikate isanu ndi umodzi, ndipo anachita kundikomera mtima. Ndinapita mpaka kwa mlamu wanga kukapempha siliva, ine Walpurga kupempha, iye n'kundipatsa kapu ya mkaka ndi malangizo. Tsiku lina pachitsime Mayi Sibylla anandiponyera makobidi odzaza dzanja m'ndowa yanga.

"Imwani, a Walpurga. Mowa wanga wa chaka chino ndi umenewo."

Amayi onse anadikira kuti ndiyankhe, poti ine yankho sindisowa. Ndinangosenza ndowa yanga, makobidi akulira pansi pake mpaka kunyumba.

Ndinatsimikiza mtima kuti andifufute. Bola chilolezo chifere m'manja mwanga kusiyana n'kuti chipite kwa wakuba. Ndinamuuza Ottilie tikudula kabichi kudimba.

"Ndiye tizidya chiyani, amayi?"

"Kabichi."

"Nanga ine? Mwana wa m'nyumba yofulula amafunsiridwa. Wa m'nyumba wamba, wopanda ngakhale bedi, amakatsuka mbale kwa eni ake mpaka imvi." Anaika mpeni pansi. "Achimwene analakwa, sindikukana. Koma inu mukufuna kuwakwapula pamsana wanga."

Ndinamukalipira kuti akusiya matsinde aataliatali. Koma ndinamva.

Tsiku la Mikayeli ngolo inaima pakhomo m'mawa, mphika uli pamwamba ataufunditsa chiguduli, Veit ataima pambali ngati ali pamaliro. Akuluakulu a khonsolo anafika dzuwa litakwera, akuchokera kwa Mayi Sibylla, kumene anali atafufuta kale. Wonyamula buku anali a Melchior, amene anamwa mowa wa m'nyumba muno zaka makumi awiri. Analowa, nayang'ana pang'anjo popanda kanthu, ndodo ili m'manja mwa mnzawo yosowa pogogoda.

"Mayi Walpurga, mphika uli kuti?"

"Uli m'matumba mwanu, nonsenu. Pisani muone."

A Melchior anatsokomola. "Lamulo mukulidziwa. Tifufute, kapena tilembe mwana wanu?"

"Dikirani. Ottilie, mipando. Uitanenso munthu ali panjayo."

Veit analowa chipewa chili m'manja. Ndinam'lozera mpando wa mbali ina ya tebulo, umene ndimakhazikapo ogulitsa balere.

"Amayi..."

"Khalani pansi, a Veit. Inu muli ndi mphika wopanda chilolezo, ine ndili ndi chilolezo chopanda mphika. Tiyeni tikambirane. A Melchior, tengani pepala muzilemba."

Nkhope inam'gwa. Ulemu umenewo ndimapatsa alendo.

Ndinatchula. Chipinda chakumaso, chokhala ndi chitofu, changa mpaka imfa, kiyi wake m'thumba mwanga. Matumba asanu ndi atatu a tirigu pachaka. Nkhuni ngolo zinayi, zouma, zowaza kale. Theka la nkhumba pa Khirisimasi. Pa migolo isanu iliyonse ya mowa, umodzi wanga. Ottilie bedi, nsalu za bafuta zodzaza bokosi, ndi ng'ombe yamkaka, zonse zifike chipale chofewa chisanagwe.

"Zonsezo tingoziika pamtengo, chaka ndi chaka ndizikupatsani ndalama zake..."

"Chilichonse chokhala ndi nkhope ya kalonga ndisachione. Lembani zimenezo, a Melchior, ndi zilembo zikuluzikulu."

"Nanga ng'ombe ndiitenga kuti? Siliva wanga yense analowa mumphika."

"Gulitsani chipewa."

Mnzawo wa a Melchior anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Matumba asanu," anatero Veit. "Ndi mgolo umodzi pa khumi. Amayi, mukundipha."

"Kulira kumeneko anakuphunzitsani a Krull? A Melchior, fufutani."

A Melchior anaviika cholembera mu inki. Ottilie anandigwira mkono, ndinachotsa dzanja lake. Sindinali kungoopseza ayi. Cholemberacho chikanatsika ndikanachisiya chitsike. Veit anandiyang'ana, ndipo amandidziwa.

"Chimphika chanucho muzikasambiramo ndi mlongo wawo wa a Krull," ndinatero. "Mukwanamo awiri."

"Dikirani!" Anali atagwira m'mphepete mwa tebulo. "Asanu ndi atatu. Umodzi pa isanu. Ng'ombe ndiipeza."

Analemba zonse, nawerenga mokweza, ine n'kulemba dzina langa pansi pake, Veit lake. Mphika anaulowetsa anthu atatu, unakhala pang'anjo yanga ngati unabadwira pomwepo. Ndodo inagogoda, mphika n'kulira bwino. A Melchior anatsegula buku, pamene panali dzina langa zaka khumi ndi chimodzi n'kulembapo la mwana wanga. Ndinayang'ana mpaka inki kuuma. Malonda abwino kuposa amenewo sindinapangepo moyo wanga wonse, koma m'kamwa munkandiwawa ngati ndamwa ndulu.

Akuluakulu ali pakhomo kuti azituluka, Veit anandiyandikira, mawu ali pansipansi.

"Amayi, sabata yathu ikubwera. Mudzandionetsa kafululidwe? Chimera chake, moto wake... ine sindinafululepo."

"A Melchior," ndinaitana. "Zimenezo zili m'pepalamo?"

Anatambasulanso pepala, nayendetsa chala mpaka pansi.

"Mulibe."

Ndinalowa m'chipinda changa n'kukhoma.

Sabata yake itafika ndinakhala pafupi ndi chitofu, zonse zikundipeza kudzera pakhoma. Fungo lokha linandiuza kuti madzi awathira pa chimera asanatenthe mokwanira. Ndinamva akutsanulira m'migolo kutatsala tsiku lathunthu kuti mowa upse, migolo yosatsuka ndi madzi owira. Kawiri ndinaimirira, dzanja n'kufika pa kiyi. Kawiri ndinakhalanso pansi. Mowa unatuluka wowawasa. Anthu anamwa kapu imodziimodzi n'kumapita akupukusa mitu, mtolo wa udzu n'kungolendewera pakhomo sabata yonse.

Mgolo wanga anaugubuduza mpaka pakhomo la chipinda changa, monga mwa pepala. Unali wowawasa ngati inzake, palibe akanaugula. Ndinamwa ndekha, nyengo yonse yozizira.